Chipale Chochedwa Kusungunuka

Underberg, 4 Seputembala 2024

Amake Linda,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana wathu Linda ndi wa apongozi. Ine kuno ndili gwa, ndipo mlongo wanu Yeremiya anafika bwino. Bwana wathu, mayi Kristina, amulemba ntchito yosamala mahatchi ndi kuwaza nkhuni. Muwauze amayi mtima ukhale m'malo, mwana wawo akugona m'chipinda chimodzi ndi ine.

Musaseke kuti ndabwerera ku pepala ngati agogo a nthawi ya migodi. M'chigwa muno netiweki mulibe, ndipo ndikakwera pachitunda pamene imagwira, mphepo imandilanda mawu, inu n'kumangoti ndibwereze. Makalata ndizipatsira a Harun, a thiraki aja amene amatenga katundu ku Durban, azikasiya pa shopu ya a Yusufu pa Boma. Mukapita kogulitsa mbatata muzifunsa.

Munandifunsa kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani. Alendo amabwera kudzayenda m'mapiri muno, ena kudzakwera matanthwe ndi zingwe. Ine ndimawanyamulira matenti, chakudya ndi zingwezo. Munthu amene ankatsitsa matabwa pamutu m'Phiri la Dedza mvula ili mkati, chikwama cha mlendo chingamuopse? Chachilendo kwa ine ndi chipale chofewa basi.

Kuno akuti nyengo yozizira yatha. Mapichesi achita maluwa ngati a kwathu ku Bembeke, ndipo masana munthu umavula juzi. Koma m'makwawa a kumtunda, amene anafulatira dzuwa, chipale chikadali mbee. Sabata ino mayi Kristina anatituma ine ndi a Tsietsi kukaona njira zimene zatseguka. A Tsietsi ndi Msutu wa ku Lesotho, mkulu wa otsogolera alendo pano, bambo wa imvi wosalankhulalankhula. Chipale chimenechi si matalala, komanso si chisanu chija chimawaula mbatata m'dimba. M'mawa chimauma ngati simenti, ndipo timamangirira mano achitsulo kunsi kwa jombo kuti tisaterereke. Dzuwa likapendeka chimafewa, mwendo umamira mpaka m'bondo. Ndinalawako. Mumuuze Linda kuti si shuga, ndi madzi chabe opweteketsa mano.

Mbatata ya kudimba musaimane madzi, ndikudziwa kwayamba kutentha uko. Nkhumba yaikazi ija musagulitse, ngakhale a Zikhalo abwere ndi mawu okoma bwanji. Kangachepe kamene ndatumiza kakhale ka feteleza asanakwerenso. Za mapepala anga musade nazo nkhawa, zikuyenda pang'onopang'ono.

Ndine wanu,
Funsani


Underberg, 25 Seputembala 2024

Amake Linda,

Moni kwa nonse pakhomopo. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Linda chatha. Ife tili bwino, kungoti kuzizira kwatibwerera.

Tinkayesa zatha, koma sabata yatha kunagwa chipale chimene ngakhale a Tsietsi anapukusa nacho mutu. Tinadzuka bwalo lonse litayera, nthambi za mapichesi zitathyoka ndi kulemera. Misewu inatsekeka, alendo amene tinkawadikira anabwerera panjira. Pansi pano chasungunuka kale, kwatsala matope okhaokha, koma kumtunda chakathira pamwamba pa chakale chija. Njira zimene tinkati zitseguka mwezi uno ziyamba zadikira.

Tsopano imvani nkhani yabwino. Mayi Kristina anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti mu Novembala anditumiza ku maphunziro a otsogolera alendo. Wotsogolera sasenza mtolo wolemera, amayenda patsogolo, ndipo satifiketi ikakhala m'manja nkhani ya mapepala ija ipepuka. Amene anandinenera ndi a Tsietsi. Iwo mawondo ayamba kuwavuta, ndiye akufuna wina wowalandira.

Panopa akundiphunzitsa kumanga mfundo za chingwe ndi kumvetsera chipale. Amabaya ndodo, kenaka amagwada n'kutchera khutu. Nditawafunsa kuti akumvetsera chiyani, anati madzi. Pansi pa chipale cha m'khwawa mtsinje umayendabe n'kumachidya kunsi, pamwamba n'kumaoneka bwinobwino pamene mkati mwatsala mphako. Ndinawauza kuti kwathu timati madzi saiwala khwawa. Anaseka, koyamba chifikireni ine kuno.

Yeremiya wakana mahatchi. Akuti sanabwere ku Joni kudzawola ndowe pamene anzake akupatsidwa za sopo ndi alendo. Wapempha kuti azikwera nafe, ndipo popeza wonyamula katundu wina wasiya ntchito, amulola. Mphamvu ali nazo, palibe angatsutse. Zina tidzakamba pamaso.

Mizere ya munda wa kumtunda muyambe msanga. Mupemphe a Yohana akuthandizeni, ine ndidzawaona. Nsapato za Linda zili m'kajumbo kamene ali nako a Harun. Ndagula zokulirapo dala, muike pepala kutsogolo.

Wanu,
Funsani


Underberg, 9 Okutobala 2024

Amake Linda,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ife tadzuka, ntchito yayambanso kuchuluka.

Mwalemba kuti apongozi sakugona chionereni chithunzi chimene Yeremiya anatumiza, chija waima m'chipale kumbuyo kuli phompho. Muwauze kuti phompholo linali kutali, anangodziwa kujambula. Koma kwa inu ndinene zoona. Pachithunzi mlamu wanga amaseka, koma panjira yopapatiza amachita mantha, ndipo akatero amafulumira m'malo modekha. Ndamuuza kuti aziponda pamene ndaponda ine, ndipo akumvera. Ndamugulira jombo za pa kaunjika, zakula pang'ono koma wavala masokosi awiri. Izi zikhale za ife awiri, iye asamve kuti ndakuuzani.

Sabata ya mawa kukubwera alendo anayi a ku Cape Town, okwera matanthwe. Akufuna thanthwe lina lalitali limene ine ndalipatsa dzina loti Nkhokwe, chifukwa laima ngati nkhokwe ya malume anu, kadenga kopendekera komweko. Kuti munthu afike patsinde pake amadzera m'khwawa limodzi lokha, ndipo khwawalo ladzaza chipale. Zaka zina mwezi uno limakhala miyala yokhayokha.

Dzana tinapita kukaliona. A Tsietsi anabaya, anamvetsera, kenaka anati tikanyamuka m'bandakucha chipale chikadali chouma, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke, palibe choopsa. Mayi Kristina ankafuna ulendowu usunthe, koma alendo akuti tchuthi chawo sichisuntha, komanso mapiri a chipale anawakwerapo ku mayiko ena. Atafunsa maganizo anga ndinati n'zotheka. Ndipo n'zothekadi. Tangoganizani, amake Linda, bwana kufunsa nzeru kwa ine, mwana wa ku Bembeke amene chaka chatha chomwechi chipale ndinkangochimva m'Baibulo.

Ulendo umenewu ukayenda bwino, malata a khitchini apezeka mvula isanagwe. Mapichesi akayamba kupsa musawagulitse mumtengo kwa anyamata a mavenda, amakuberani. Muzitengera nokha kumsewu. A Zikhalo muwauze kuti yankho langa ndi lomwe lija.

Mutipempherere pa Misa Lamulungu, osati chifukwa pali vuto ayi.

Ine wanu,
Funsani


Pietermaritzburg, 22 Okutobala 2024

Amake Linda,

Moni. Musadabwe ndi kalembedweka, akulemba ndi Yeremiya, ine ndikungonena mawu. Dzanja langa lamanja alimanga bandeji. Ndili m'chipatala ku Maritzburg, koma ndikudya, ndikuyenda, ndipo dzulo ndameta ndevu ndekha ndi dzanja lamanzere.

Potsika ku Nkhokwe panachitika kangozi. Alendo onse ali bwino. Yeremiya ali bwino, akungotsimphina pang'ono. Za chipatala akulipira ndi mayi Kristina, choncho musagulitse kanthu kalikonse pakhomopo. Mukamva zonena za anthu a kwathu amene ali kuno, musazitengere, palibe mmodzi amene analipo.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Malata ayambe adikira, khitchini muifolere ndi udzu chaka chino chokha. Mbewu ya chimanga mugule yomwe ija ya chaka chatha, inatichitira bwino. Linda mumuuze kuti bambo ake amupatsa moni.

Funsani

Achemwali, apa ndikulemba mawu anga, alamu apita kokatsukidwa bala. Anandiletsa koma sindingathe kukubisirani. Si kangozi ayi. Madokotala achotsa zala ziwiri, kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho. Wachititsa ndine. Ndinaponda pamene anandiletsa. Akanapanda iwo, bwenzi pano mukudikira bokosi pa boda. Iwo akumaseka ndi manesi, ine chakudya chikundikanika. Amayi musawauze kaye. Sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani ndi maso ati.

Yeremiya


Underberg, 13 Novembala 2024

Amake Linda,

Ndikupatsani moni ndi dzanja langa lomwe, ngakhale zilembo zikuyenda ngati nkhuku yapalasa. Ndatuluka m'chipatala, bala likupola bwino. Ndikhulupirira nanunso muli bwino.

Kalata yanu yaukali ndaiwerenga kawiri. Simunalakwe. Ndinkafuna mudzamve bala litapola, koma Yeremiya waulula yekha kwa ine zimene anawonjezera pansi pa kalata ija. Ndiye lekani ndikuuzeni zonse mwa ndondomeko.

Tinanyamuka m'bandakucha monga tinapangana. Chipale chinali chouma, tinakwera khwawa lonse popanda vuto. Alendo ndi a Tsietsi anakwera thanthwe, ine ndi Yeremiya tinatsala patsinde ndi katundu. Potsika, chingwe chawo chinakodwa mumng'alu, ndipo pamene ankachiwonjola dzuwa linali litapendeka kale. A Tsietsi anati tonse tidzere m'mbali mwa khwawa motsamira miyala, pakati pasaponde munthu. M'mbalimo ndi mopapatiza, ndipo Yeremiya ataona kutsetsereka kwake mtima unamuthawa. Pakati panali mapazi athu a m'mawa, pamalo potakasuka, pooneka pabwino. Ndinamuitana, koma anali ataponda kale. Sanakuwe n'komwe. Ndinangoona chikwama chikumira, pamalopo n'kutsala dzenje.

Ndinagona chafufumimba n'kusuzumiramo. Anali pansi, kuya kwake ngati chitsime cha kudimba kwathu, madzi akumulekeza m'chiuno, mwendo utapanikizika pakati pa miyala iwiri. Madzi amenewo munthu sakhalitsamo. A Tsietsi ndi alendo anamangirira chingwe ku mwala wa m'mbali. Wolowa m'dzenjemo anafunika wamphamvu zosuntha mwala, ndipo za mawondo a a Tsietsi ndinakuuzani. Palibe amene anandituma. Ndinamanga mfundo imene anandiphunzitsa, iwo n'kunditsitsa.

Mkatimo munali phokoso la madzi lokhalokha. Yeremiya milomo inali itada, ankangoti, "Alamu, musandisiye." Ndinamuyankha kuti ndikamusiya ndikalowera khomo liti kwa achemwali ake. Chingwe chija ndinachimasula n'kumumanga nacho iye. Magolovesi ankaterera, ndiye ndinawavula, ndinalowetsa manja pansi pa mwala n'kuukankha ndi phewa. Unasuntha pang'ono. Kukula kwa jombo zija kunathandiza, phazi linasololoka jombo n'kutsala momwemo. Ndinakuwa kuti akoke. Iye atangonyamuka, mwala unabwerera pamalo pake zala zanga zili pansi.

Sindinamve kupweteka nthawi imeneyo, manja anali atachita dzanzi ndi kuzizira. A Tsietsi anatsika okha, ndi mawondo awo omwewo, n'kutekenya mwalawo ndi kankhwangwa kathu ka pachipale mpaka ndinasolola dzanja. Mwa alendo aja munali mayi wina nesi, ndiye anandimanga. Ndikufuna mudziwe kuti phirilo ndinatsika ndi miyendo yanga. Amene anakwera hatchi titafika pansi ndi Yeremiya, chifukwa analibe jombo imodzi.

Mwalemba kuti mlongo wanu ndi chitsiru. Ayi, amake Linda, munthu wamantha si chitsiru. Pamalo paja aliyense akanakopeka ndi mapazi aja. A Tsietsi anena okha pamaso pa bwana kuti nthawi itatithera tinayenera kukhoma matenti patsinde, n'kudikira kuti chipale chiumenso m'mawa. Matenti tinali nawo, chakudya chinalipo. Tonse tinkafulumirira kunyumba. Phunziro limenelo ndalilipira, ndipo sindidzaliiwala.

Maphunziro aja ayamba sabata ino popanda ine. Sindinama, tsiku limene galimoto inanyamuka ndi mnzanga wina m'malo mwanga ndinakakhala kukhola kwa mahatchi mpaka madzulo. Koma zapita zimenezo. Panopa ndikugwira za pansi, kulongedza matenti ndi kuunika zingwe, ndipo malipiro sanandidule.

Ndamva mvula yoyamba yagwa uko. Musathamangire kubzala, mudikire yachiwiri. Apongozi muwauze tsopano, koma muwauze mutakhala pansi.

Wanu nthawi zonse,
Funsani


Underberg, 5 Disembala 2024

Amake Linda,

Moni wa mafuno abwino kwa inu, kwa Linda ndi kwa apongozi. Ndakondwa kumva kuti chimanga chamera bwino ndipo nkhumba ija yaswa. Mwaona tsopano chimene ndinkawakanira a Zikhalo? Ine ndili bwino. Bala lapola, kungoti kukazizira zala zimene kulibezo zimayabwa, munthu n'kusowa pokanda.

Mwandipempha kuti ndibwerere kwathu, ndisadzaonenso phiri. Ndaganizira mofatsa, ndipo sindinakuyankheni msanga chifukwa ndinkafuna ndiyambe ndadziyesa. Lolemba a Tsietsi ananditenga kubwerera ku khwawa la ku Nkhokwe. Chipale chatha, kwangotsala kachigamba ngati mphasa pansi pa thanthwe, kodetsedwa ndi fumbi. Mtsinje uja tsopano uli poyera, m'mbali mwake mwachita maluwa ofiira. Mwala uja ndinauona. Ndi wocheperapo kusiyana ndi mmene ndinkaukumbukira. Mantha anandigwira, sindikana, koma sindinabwerere m'mbuyo.

Pamenepo a Tsietsi anandiponyera chingwe kuti ndimange mfundo zonse zimene anandiphunzitsa. Ndinamanga ndi zala zitatu. Imodzi inandivuta, ndinabwereza mpaka inagwira. Kenaka anadzimangirira okha ku chingwecho, anatsetsereka pa thanthwe n'kulendewera, moyo wawo wonse uli m'manja mwanga. Atabwerera pamwamba anangoti, "Mawa uyenda patsogolo." Ndipo Lachiwiri ndinatsogolera banja lina la alendo kukafika pa mathithi n'kubwerako, a Tsietsi ali pambuyo phee. Mayi Kristina andilembetsa kale maphunziro a mu Malichi. Ndiye yankho langa ndi ili: ndikubwera pa Khirisimasi kudzakhala nanu mpaka chaka chatsopano, kenaka ndibwereranso. Mukadzandiona ndi maso anu n'kunenabe kuti ayi, tidzakhala pansi tikambirane. Sindidzanyamuka muli chikwiyire.

Yeremiya wabwerera ku mahatchi, mwa kufuna kwake. Tsopano ndiye amawatsogolera kukasiya katundu patsinde pa phiri, ndipo amamumvera kuposa wina aliyense. Ankafuna kutsala kuno pa Khirisimasi chifukwa cha manyazi, koma ndamugulira tikiti, tikwera basi imodzi. Mumulandire bwino, wadzilanga kale mokwanira. Ndamvanso kuti apongozi akufuna kubweretsa mbuzi ya chipepeso. Muwaletse. Sindinagwire ganyu m'dzenje muja. Ngati mbuziyo yawakwana, tidzadyera limodzi tonse pa Khirisimasi.

Tidzatsikira pa siteji ya Bembeke, tsiku lenileni ndikuimbirani ndikafika pa Joni. Mupemphe a Yohana abwere ndi njinga, katundu alipo.

Chomaliza. Kuseri kwa pepalali ndaika dzanja langa n'kulizunguliza ndi cholembera, mmene liliri lero. Muyambe mwaliona inu nokha. Ngati n'kulira, mulire pamenepo, ine kulibe. Kenaka mumuonetse Linda, aike dzanja lake pamwamba, afunse zonse zimene akufuna, ndipo mumuyankhe zoona. Ndikadzatsika basi sindidzalibisa m'thumba. Ndidzakupatsani moni ndi dzanja lomweli, ndipo inu mudzaligwire zolimba.

Ndine mwamuna wanu,
Funsani